Mwalandira Yesu, Tsono Muyambire Pati? Malangizo kwa Mkhristu Watsopano

Malangizo awa ndi a munthu amene wangotembenuka mtima kumene, kaya zimenezi zinachitikira ku msonkhano wa chitsitsimutso, pa maliro pamene mlaliki ankatambasula Mawu, m'chipatala, kapena ali yekha m'nyumba akumvera wailesi. Chimwemwe cha masiku oyambirira ndi chenicheni ndipo wina asachipeputse. Komabe msonkhano ukatha, alaliki ochokera kutali atakwera galimoto zawo, mumabwerera ku nyumba yomwe ija, kwa mkazi kapena mwamuna yemwe uja, ku ngongole zomwe zija ndi ku ntchito yomwe ija. Udindo wa Mkhristu umayambira pamenepo, pakati pa anthu amene akukudziwani bwino, ena mwa iwo munawalakwira, osati pa guwa pamaso pa alendo osadziwa mbiri yanu. N'chifukwa chake ndondomeko ili m'munsiyi yaika za mpingo ndi za pakhomo patsogolo, ndipo za kulalikira zabwera chakumapeto.

Musanayambe, gwiritsitsani mfundo imodzi kuti ntchito zimene zikutsatirazi zisakulemereni. Pa Aefeso 2:8-9 Paulo akunena kuti tinapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, osati chifukwa cha ntchito zathu, kuti pasapezeke wodzitama. Koma ndime 10 ikupitiriza kuti tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu anatikonzeratu. Choncho mwa zonse zimene muwerenge apa palibe chogulira chipulumutso. Buku la Katekisma la ku Heidelberg la m'chaka cha 1563, limene mipingo yochokera ku Dutch Reformed monga Sinodi ya Nkhoma imalilemekeza, linaika Malamulo Khumi ndi pemphero m'gawo lake lachitatu, lonena za kuthokoza. Mumamvera chifukwa mwalandiridwa kale.

Choyamba: dziwikani ku mpingo

Sabata yoyamba isanathe, uzani Mkhristu mmodzi wokhwima m'chikhulupiriro zimene zakuchitikirani, ndipo tsiku la mapemphero likafika pitani ku tchalitchi. Mapemphero akatha musathamangire kunyumba. Funsani kuti mkulu wa mpingo woyang'anira dera lanu ndani, mumupatse dzina lanu ndi kumulozera pamene mumakhala, chifukwa munthu amene amangolowa n'kukhala pa benchi yakumbuyo, n'kutuluka nyimbo yotsekera isanathe, akhoza kudwala mwezi wathunthu popanda womuzonda. Anthu pafupifupi 3,000 amene anabatizidwa pa tsiku la Pentekoste sanabalalike aliyense njira yake. Pa Machitidwe 2:42 timamva kuti anakangalika pa chiphunzitso cha atumwi, chiyanjano, kunyema mkate ndi mapemphero.

Ngati mulibe mpingo wa kwanu ndipo mukusankha kolowa, yang'anani zinthu zooneka ndi maso. Ukhale mpingo umene mungafikeko wapansi ngakhale m'dzinja mitsinje itadzaza, kapena tsiku limene mulibe ndalama ya minibasi. Mvetserani ngati mlaliki amawerenga ndime n'kuifotokoza, kapena amangoitchula n'kuyamba kusimba za iye mwini. Funsani ngati lipoti la zachuma limawerengedwa poyera, komanso ngati abusa ali ndi bwalo limene lingawadzudzule akalakwa. Mpingo umene mtsogoleri wake alibe womufunsa ndi woopsa kwa Mkhristu wakhanda, kwaya yake iziimba mokoma chotani.

Kenaka lembetsani kalasi. Mu CCAP munthu wamkulu amaphunzira m'kalasi asanabatizidwe. Kwa Akatolika akatekumeni amaphunzitsidwa nthawi yaitali ndipo kawirikawiri amabatizidwa usiku wa Pasaka. A Baptist ndi mipingo yambiri ya Chipentekoste amabatiza pomiza m'madzi. Kusiyana kumeneku kusakuzunguzeni mutu. Tsatirani dongosolo la mpingo umene mwalowa ndipo musajombe ku maphunziro. Ngati munabatizidwa muli wakhanda kenaka n'kulowerera, kaonaneni ndi abusa kapena wansembe kuti akuuzeni njira yobwererera, pakuti CCAP, Katolika ndi Anglican sabwereza ubatizo. Lowaninso m'kagulu kosonkhana m'makomo m'kati mwa sabata, kamene ena amati mlaga, ena mphakati, popeza m'menemo ndi momwe mungafunse mafunso amene simungafunse m'tchalitchi chodzaza. Amayi ali ndi Chigwirizano ku Sinodi ya Nkhoma, Mvano ku Blantyre ndi Umanyano ku Livingstonia, ngakhale kuti kuvala yunifolomu kumadza pambuyo, munthu atakhazikika.

Chachiwiri: Baibulo ndi pemphero tsiku ndi tsiku

Pezani Baibulo lanulanu. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922 ntchito yomasulira itatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndi limene akuluakulu ambiri analoweza ndime zake, koma Chinyanja chake ndi chakale. Buku Loyera la m'chaka cha 1998 lili m'Chichewa chosavuta kumva. Gulani limene mpingo wanu umawerenga pa guwa, ndipo ndime ikakuvutani muziyerekeza ndi linalo. Musayambire ku Chivumbulutso kapena ku Danieli, kumene atsopano ambiri amathamangira n'kutulukako ndi mantha ndi mikangano yowerengera masiku. Yambani ndi Marko, amene ali ndi mitu 16 yokha, mutu umodzi pa tsiku. Mukamaliza werengani Machitidwe, kenaka Aefeso ndi Yakobo. Pa ndime iliyonse dzifunseni kuti ikunena chiyani za Mulungu ndipo ikufuna kuti muchite chiyani lero lomwe. Pamene simunamve lembani m'kope kuti mukafunse ku kalasi. Amene sadziwa kuwerenga apemphe mwana kapena mdzukulu kuti aziwawerengera madzulo, ndipo palibe chamanyazi pamenepo, mwanayonso amamvera nawo Mawu.

Pa za pemphero, sankhani nthawi imodzi yosasinthasintha, makamaka m'mamawa musanatsegule foni kapena kunyamula khasu. Sipafunika mawu okuluwika kapena kufuula. Pemphero la Ambuye pa Mateyu 6:9-13 likutsogolereni, chifukwa m'menemo muli ulemu wa Mulungu, chakudya cha lero, kukhululukidwa, kukhululukira ena ndi chitetezo pa mayesero.

Chachitatu: bwezani za eni ake

Gawo ili ndi limene ambiri amalilumpha, ndipo ine ndikuona kuti n'chifukwa chake umboni wa Akhristu ambiri sumveka m'midzi mwawo momwe. Zakeyu atalandira Yesu m'nyumba mwake sanapemphe mpata wolalikira mu Yeriko. Anaimirira n'kunena kuti theka la chuma chake apereka kwa osauka, ndipo aliyense amene anamulanda kanthu monyenga amubwezera kanayi, monga tikuwerenga pa Luka 19:8. Atatero m'pamene Yesu ananena kuti chipulumutso chafika m'nyumba imeneyo. Pa Mateyu 5:23-24 Ambuye akulamula kuti munthu amene wakumbukira ali pa guwa kuti mbale wake ali naye chifukwa, asiye mtulo wake pomwepo, akayanjane kaye ndi mbaleyo, kenaka abwere kudzapereka.

Tengani pepala, mukhale panokha, mulembe mayina. Lembani wa golosale amene munakongolako shuga ndi sopo, ndipo chiyambire tsiku limenelo mumalambalala njira yodzera pa golosale yakeyo. Lembani banki m'khonde imene munatengako ndalama n'kusiya kupita ku misonkhano yake. Lembani waganyu amene anakupalirani munda inu n'kumangomuuza kuti abwere mawa mpaka anagwa ulesi, ndi mtsikana wantchito amene munamuchotsa osamupatsa malipiro a miyezi yomaliza. Yakobo 5:4 akuti malipiro otere amafuula ndipo Mulungu amamva. Lembani mizere ya m'munda wa mnzanu imene munkailowerera pang'onopang'ono chaka ndi chaka mpaka malire anasuntha, chinthu chimene Deuteronomo 19:14 amaletsa. Lembani njinga, makina osokera, malata kapena nyumba imene munalanda mkazi wamasiye ndi ana ake mbale wanu atamwalira. Chomalizachi ndi mlandu ngakhale pamaso pa boma, chifukwa lamulo la Malawi la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limaletsa kulanda katundu wa womwalira kwa oyenera kumulandira. Lembaninso zimene si ndalama: munthu amene munamuipitsira mbiri ndi bodza, ndi mwana amene munakana pathupi pake pamene mumtima mukudziwa kuti ndi wanu.

Mndandanda ukatha, yambani ndi chimene mungakwanitse sabata yomweyo, kuti mwendo uzolowere njira. Pitani nokha kwa mwini wake, ndipo pa nkhani zikuluzikulu monga za munda, za masiye kapena za mwana, tengani mkulu wa mpingo, mwini mbumba kapena nyakwawa kuti pakhale mboni. Nenani mosazungulira chimene munachita, popanda kuwonjezerapo kuti nayenso analakwa. Ngati ndalama zonse mulibe, perekani zimene muli nazo ndipo mugwirizane tsiku lenileni lomalizira, kaya ndi pakutha pa mwezi kapena mutagulitsa soya, ndipo tsikulo likafika mufike nokha asanakutumizireni uthenga. Musaumirize munthu kuti akukhululukireni pomwepo, kapena kumuuza kuti popeza mwabadwa mwatsopano zakale aiwale. Iye ndi amene anavulala, ndipo mwina adzafuna kukuonani chaka chathunthu asanakhulupirire. Mwini wake ngati anamwalira, bwezani kwa ana ake. Musanyamule ndalama imeneyo n'kukaponya m'mbale ya chopereka poganiza kuti nkhani yatha, chifukwa mpingo si umene munaubera.

Pali milandu ina yofunika nzeru isanaululidwe. Za chigololo musaimirire nazo pa gulu ngati umboni, n'kutchula dzina la mkazi kapena mwamuna wa mwini. Kambiranani ndi abusa kaye, kayezetseni magazi, ndipo dziwani kuti mnzanu wa m'banja ali ndi ufulu wodziwa zimene zikukhudza moyo wake. Ngati munaba ndalama za kuntchito kapena za boma, funsani uphungu kwa abusa ndi kwa wodziwa malamulo, muli wokonzeka kulandira zotsatira zake, pakuti kutembenuka mtima sikufafaniza mlandu wa kukhoti. Manyazi adzakugwirani ndithu, koma akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

Chachinayi: tulutsani zithumwa, ndipo musazisinthanitse ndi zina

Ku Efeso, anthu amene anakhulupirira anabwera kudzaulula poyera zimene ankachita, ndipo amatsenga anasonkhanitsa mabuku awo n'kuwatentha anthu onse akuona. Atawerengera mtengo wake anapeza ndalama zasiliva 50,000, monga akunenera Machitidwe 19:18-19. Kwathu kuno zinthu zake zimakhala zing'onozing'ono ndi zobisika: chithumwa chosokerera m'lamba wa buluku, kansupa kotsomeka kudenga, mizu yokwirira pakhomo potsirika nyumba, chizimba cha pansi pa benchi yogulitsira, mkuzi wa m'chiuno mwa mwana. Zisonkhanitseni, itanani mkulu wa mpingo ndi Akhristu ena awiri kapena atatu, mupemphere pamodzi ndi kuzitentha dzuwa likuswa mtengo. Musachite nokha usiku. Mantha amene mwakhala nawo zaka zambiri satha tsiku limodzi, ndipo mwana akadzatentha thupi sabata yotsatira, mtima udzakuuzani kuti n'chifukwa cha mkuzi uja. Pa tsiku limenelo mudzafuna anthu amene anali nanu pamoto paja kuti akulimbikitseni mwa Khristu ndi kukuperekezani ku chipatala kukayezetsa malungo.

Tenthani zanu zokha. Za mayi anu, za amalume anu kapena za amuna anu musazigwire mwakuba, chifukwa mudzabutsa nkhondo pakhomo popanda kusintha mtima wa munthu aliyense. Za mwana kambiranani ndi mnzanu wa m'banja. Musiyanitsenso pakati pa masamba amene agogo amawiritsa pochiza chifuwa ndi kupita kwa sing'anga kukaombeza kuti wakulodzani ndani.

Ngozi yaikulu imadza pambuyo pake. Munthu amataya chithumwa cha kwa sing'anga lero, mawa n'kukagula botolo la madzi odzozedwa, mafuta kapena chomata cha chithunzi cha mneneri, n'kuzipachika pamalo pomwe paja ndi mtima womwe uja. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphamvu ya Mzimu Woyera ndi ndalama, Petro anamudzudzula koopsa pa Machitidwe 8:18-20, ndipo palibe chasintha: mphatso ya Mulungu ilibe mtengo wa pamsika. Mlaliki aliyense amene angakuuzeni kuti mavuto anu akuchokera kwa agogo anu kapena kwa mwana wamasiye amene mukumusunga, muchokereni. Lamulo la za ufiti la m'chaka cha 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo okalamba ambiri athamangitsidwa m'midzi, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha mawu otere. Mkhristu ayenera kukhala woyamba kuima pakati pa agogowo ndi gulu lonyamula miyala.

Ngati mukumwa ma ARV, amene boma linayamba kupereka kwaulere m'chaka cha 2004, kapena mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu kapena a TB, pitirizani kumwa. Pemphererani machiritso ndi mtima wonse, koma wokusiyitsani kapena kukusinthirani mankhwala akhale wachipatala atakupimani. Zipatala za Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Likuni ndi St Luke's ku Malosa zinamangidwa ndi Akhristu opemphera, amene sanaone kutsutsana kulikonse pakati pa guwa ndi jakisoni.

Chachisanu: banja ndi abale

Munthu wa ku dziko la Agerasa amene Yesu anamutulutsa ziwanda anapempha kuti azimutsatira, koma pa Marko 5:19 Ambuye anamubweza kwawo kuti akauze abale ake zimene Mulungu anamuchitira. Kwa ambiri aife ntchito yovuta koposa ndi imeneyi. Ngati mnzanu wa m'banja sanakhulupirire koma akufuna kukhalabe nanu, 1 Akorinto 7:12-13 akuti musamusiye, ndipo 1 Petro 3:1-2 akuonetsa kuti makhalidwe amakopa pamene mawu alephera. Musasandutse nthawi ya nsima kukhala ulaliki wa tsiku ndi tsiku, ndipo musachezere ku mapemphero usiku ndi usiku ana akugona osasamba, ntchito ya kusukulu yopanda woiona. Ngati ndinu bambo amene malipiro ankathera ku mowa ndi kubetcha mpira, mwezi woyamba womwewo bwerani nawo onse kunyumba, muwaike pa tebulo, mukonze bajeti pamodzi ndi akazi anu: lendi, ufa, fizi, feteleza. Anzanu a ku mowa muwauze maso ndi maso kuti mwasiya, mopanda kuwanyoza, ndipo pa tsiku lolandira muzidzera njira ina. 1 Timoteo 5:8 akunena mawu olimba, kuti wosasamalira a m'banja lake wakana chikhulupiriro.

Ngati munangolowana, konzani ukwati wanu. Dziwitsani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, tsatirani mwambo wa kwanu, kenaka kaonaneni ndi abusa. Ukwati umadalitsidwa ngakhale popanda holo, keke ndi mdipiti wa galimoto, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mabanja ena amakhala zaka osadya Mgonero podikira ndalama za madyerero. Amene ali pa mitala asachite chilichonse mopupuluma. Mipingo ili ndi malamulo osiyana pa nkhaniyi, koma palibe njira ya Chikhristu imene imathera pa mayi ndi ana ake kusiyidwa opanda munda ndi chakudya. Kupirira kumene Malemba amaphunzitsa sikutanthauzanso kulolera kumenyedwa: amene akuchitiridwa nkhanza auze ankhoswe ndi akulu a mpingo, ndipo moyo ukakhala pa chiswe apite ku polisi, kumene kuli ofesi yothandiza ozunzidwa.

Kwa abale a kumudzi musadzipatule ngati kuti mwasanduka mtundu wina. Pa maliro fikani msanga, gonani pa siwa, kumbani nawo manda, tungani madzi, sonkhani ufa ndi nkhuni, womwalirayo kaya anali wa mpingo wanu kaya ayi. Munthu amene amaoneka pa zovuta za anzake amamveka pamene akukana chinthu. Ndipo zokana zilipo: kulowa kufa, kusasa fumbi, kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, chimene malamulo a dziko amaletsanso, ndi kusonkha ndalama zokaombezera amene wapha malemu. Kanani msanga, mwaulemu, kudzera kwa mwini mbumba, mwambo usanafike pakati. M'madera a gule wamkulu mipingo yambiri silola membala wake kupita kudambwe. Ngati munagula njira, auzeni akuluakulu kuti mwasiya, koma musawatukwane kapena kuulula zinsinsi zawo pagulu pofuna kuwaputa, chifukwa ndi abale anu amene mukufuna kuti tsiku lina adzamve Uthenga kuchokera pakamwa panu.

Chachisanu ndi chimodzi: ntchito ndi ndalama

Okhometsa msonkho ndi asilikali atafunsa Yohane Mbatizi kuti achite chiyani, iye sanawauze kuti asiye ntchito. Pa Luka 3:12-14 anawauza kuti asalipiritse moposa muyeso, asalande za anthu moopseza, ndipo akhutire ndi malipiro awo. Inunso yang'anani pamene pali chinyengo cha ntchito yanu, pakuti mukupadziwa bwino kuposa abusa anu. Wogulitsa nyemba ataye mbale yophwanyidwa pansi ija imene imaoneka yodzaza pamene ndi yoperewera. Wogula mbewu kwa alimi akonze sikelo yake, popeza Miyambo 11:1 akuti sikelo yonyenga imanyansa Yehova. Mlimi wa fodya asabise zinyalala pakati pa belo. Wa mu ofesi asiye kusainira ndalama za msonkhano umene sanapiteko, ndi kusunga fayilo ya munthu m'kabati podikira kangachepe. Mudzaona ndalama zikuchepa miyezi yoyambirira, mwinanso anzanu adzakudani poopa kuti muwaulula, ndipo ndi bwino kudziwiratu zimenezi kusiyana ndi kudzadzidzimuka. Aefeso 4:28 akupereka cholinga chake: wakuba asabenso, koma agwire ntchito ndi manja ake kuti akhale ndi chogawira osowa.

Pa zopereka, konzeranitu kunyumba. Paulo analangiza Akorinto kuti tsiku loyamba la sabata aliyense aziika padera monga mwa kupindula kwake, ndiponso kuti apereke monga watsimikizira mumtima, osati mokakamizidwa. Onani 1 Akorinto 16:2 ndi 2 Akorinto 9:7. Mipingo yambiri imaphunzitsa chakhumi, ndipo mlimi amene sagwira ndalama mwezi ndi mwezi amapereka chimanga, mtedza kapena nkhuku pa nthawi ya masika. Funsani dongosolo la mpingo wanu ndipo mukhulupirike pa chimene mwalonjeza. Koma musatenge katapila kuti mukafese mbewu kwa mlaliki wolonjeza kuti ndalamazo zibwerera kakhumi, ndipo musapereke ndalama ya mankhwala a mayi anu. Pa Marko 7:9-13 Yesu anadzudzula anthu amene ankamana makolo awo thandizo ponena kuti chumacho achipereka kwa Mulungu.

Chachisanu ndi chiwiri: tumikirani, koma guwa lidikire

Yambani ndi ntchito zopanda mpando: kusesa m'tchalitchi, kuzonda odwala m'chipatala, kuyendera a kundende, kufolera nyumba ya mayi wokalamba mvula isanagwe. Yakobo 1:27 akuti chipembedzo choona ndi kucheza ndi ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo. Akakufunsani chimene chakusinthani, fotokozani mwachidule ndi moona, osakokomeza zoipa zanu zakale kuti nkhani ikome. Za uneneri, ubusa ndi kuyambitsa utumiki wanuwanu zisiyeni kaye. 1 Timoteo 3:6 akuletsa kuika wotembenuka kumene pa udindo woyang'anira mpingo, kuopa kuti angadzitukumule n'kugwa. Ndinunso nzika ya dziko: khomani msonkho, kavoteni osagulitsa voti yanu ndi chitenje kapena ndalama, ndipo musaope kunena zoona pamene osauka akuponderezedwa, monga anachitira maepiskopi a Katolika m'kalata yawo imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992.

Chomaliza: mukagwa, ndiponso mukasamuka

Tsiku lidzafika limene mudzapezeka mwabwerera ku chinthu chimene munalumbira kuti mwasiya. Choopsa chachikulu pa tsiku limenelo ndi manyazi amene amakuuzani kuti musapite ku tchalitchi mpaka mutakonzeka, chifukwa sabata imodzi imasanduka mwezi, mwezi n'kusanduka chaka. Vomerezani tchimolo kwa Mulungu tsiku lomwelo, podalira lonjezo la pa 1 Yohane 1:9, ndipo muuze Mkhristu uja munamuuza poyamba. Mkatolika apite kukalapa kwa wansembe. Fufuzaninso chimene chinakufikitsani pamenepo, kaya ndi nambala imene simunafufute m'foni, kaya ndi malo amene munapitako madzulo, ndipo muchichotse. Ngati nkhaniyo ndi yoti bwalo la mpingo likuimitseni kudya Mgonero kwa kanthawi, landirani chilangocho, pitirizani kusonkhana ndi kupita ku maphunziro amene akupatsani, osathawira ku mpingo wina kumene sakudziwa nkhani yanu. Akulu a mpingo nawonso akumbukire Agalatiya 6:1, kuti wogwa amabwezedwa ndi mzimu wofatsa.

Akhristu ambiri atsopano amatayika pa nthawi yosamuka, pochoka kumudzi kupita ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ku esiteti, ku koleji, kapena ku Johannesburg kukafuna ntchito. Musananyamuke, pitani kwa mlembi wa mpingo mukatenge kalata yosamukira, ndipo ngati mukadali m'kalasi pemphani kuti alembemo pamene mwafika ndi maphunziro, kuti musakayambirenso pachiyambi. Funsani abusa ngati akudziwa mpingo kapena munthu wodalirika kumene mukupitako. Mukafika, perekani kalatayo pa tsiku la mapemphero loyamba kapena lachiwiri, ntchito isanakuzolowezeni kugona tsiku limenelo, ndipo mutumize kwa abale a kumudzi nambala ya mkulu wa mpingo wa kumeneko kuti adziwe womufunsa mukadwala.